Mwafunsa, Tayankha: Malo a Ayezi Adzalamulidwa ndi Yani?

Chiyambireni pomwe nyumba zoulutsira mawu zidayamba kunena kuti mtsogoleri wa dziko la America, a Donald Trump, akufuna chilumba cha Greenland, chomwe chili pansi pa ufumu wa Denmark, makalata ofunsa za malo ozizira a kumathero a dziko lapansi akhala akufika motsatizana. Ambiri achokera m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, kumene anthu amachidziwa chisanu cha mwezi wa Juni ndiponso amawadziwa malire olembedwa ndi alendo. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Lizulu. Mwana wa Fomu 3 adandifunsa kuti mtsogoleri wa Antarctica ndani. Nditayankha kuti kulibe, adafunsanso kuti nanga dziko la China likamamanga nyumba kumeneko limapempha malo kwa yani. Ndidamulonjeza yankho, koma mpaka lero ndikumuzemba.
Mphunzitsi, Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo musamuzembenso, pakuti funso lakelo ndi lomwe akazembe a mayiko akhala akulizungulira kwa zaka zoposa 60.

Antarctica, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi nthaka yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 14 miliyoni, moti Malawi angalowemo maulendo oposa 100. Nthakayo idakwiririka ndi ayezi amene kuchindikala kwake, tikaphatikiza malo onse, ndi pafupifupi makilomita awiri, kungotsala pang'ono kufanana ndi kutalika kwa phiri la Dedza tikaliyeza kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Kulibe mudzi, kulibe manda a makolo, kulibe nyakwawa. Kusowa kwa mwini malo n'kumene kudachititsa mayiko asanu ndi awiri, omwe ndi Argentina, Australia, Britain, Chile, France, New Zealand ndi Norway, kuti adzidulire zigawo pamapu monga momwe mayi amadulira chigumu. Australia yokha idadzitengera magawo 42 pa 100 alionse. Zigawo za Argentina, Chile ndi Britain zidalowererana, ndipo mu 1952 asilikali a Argentina adawombera mfuti pamwamba pa mitu ya Angerezi amene ankatsitsa katundu pa Hope Bay.

Pa 1 Disembala 1959, mayiko 12 adasainirana pangano mumzinda wa Washington, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1961. Panganoli lidaletsa ntchito za nkhondo ndi kuphulitsa mabomba a nyukiliya kumwera kwa mzere wa madigiri 60, lidapereka ufulu wa kafukufuku, komanso lidalola mayiko kutumiza anthu okayendera nyumba za anzawo nthawi ina iliyonse. Mtima wake uli m'ndime yachinayi, imene idachita zomwe mfumu yochenjera imachita anthu akamakanganirana dimba mwezi wobzala utafika: idauimika mlandu osaugamula. Amene amati malo ndi ake sadauzidwe kuti asiye kunena, amene amakana sadauzidwe kuti avomereze, koma onse adagwirizana kuti pasapezeke wina wokhoma chikhomo chatsopano, ndiponso kuti chilichonse chimene dziko lichite kumeneko panganoli likugwira ntchito chisadzakhale umboni wa umwini. Choncho mwanayo mumuuze kuti China sipempha malo kwa munthu. Imadziwitsa anzake, imalemba lipoti la momwe nyumbayo ikhudzire chilengedwe, anzakewo amaperekapo ndemanga, koma palibe amene ali ndi mphamvu yoiletsa. Mumuuzenso kuti nyumbazo, ngakhale zitachuluka, sizisandutsa nthakayo kukhala ya China.

Koma pali mbali ina imene ndikufuna muionjezere paphunzirolo, ndipo simusowa kupita kutali kuti mupeze chitsanzo. Msewu wa M1 pa Lizulu pomwepo ndi malire: kabichi wa tsidya lino ndi wa ku Malawi, wa tsidya linalo ndi wa ku Mozambique, chifukwa mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adalemba mzere umene udadula Angoni a kwa Maseko pakati, eni akewo osafunsidwa. Pamene pangano la Antarctica linkasainidwa, dziko lino linali likadali Nyasaland, lili pansi pa lamulo la chitetezo cha padera lomwe lidalengezedwa mu Malichi 1959, ndipo Dr Kamuzu Banda anali m'ndende ku Gweru. Mu Africa yense, dziko lomwe lidakhala nawo patebulo ndi South Africa ya tsankho. Amene adapeza ufulu mochedwa adapeza mipando itagawidwa kale, ndipo mtengo wa mpando utaikidwa: dziko lililonse la m'bungwe la United Nations lingathe kulowa m'panganoli, koma kuti likhale ndi mawu pogamula nkhani liyenera kuonetsa kuti likuchita kafukufuku wamkulu ku Antarctica. Lero mayiko a m'panganoli ndi oposa 50, koma ogamula ndi 29 okha.

Amene adayamba kudandaula poyera ndi Mahathir Mohamad, nduna yaikulu ya Malaysia, yemwe mu 1982 adauza msonkhano wa United Nations kuti Antarctica iyenera kukhala cholowa cha anthu onse, osati cha kagulu ka mayiko olemera. Mayiko ambiri osauka adamuwombera m'manja. Tsono taonani zimene zidatsatira: mu 1983 India ndi Brazil adapatsidwa mipando ya ogamula, ndipo mu 1985 China idapatsidwanso. Kuona kwanga n'kwakuti eni bwalo adawerenga bwino nyengo, nazindikira kuti phokoso la kunja kwa mpanda limatha msanga ukalowetsa m'nyumba amene ali ndi mawu aakulu. Malaysia yomweyo idalowa m'panganoli mu 2011. Chilowereni m'bwalomo, India, Brazil ndi China sadagone. India idamanga siteshoni ya kafukufuku ya Dakshin Gangotri, kenako Maitri mu 1989 ndi Bharati mu 2012. Brazil idamanganso siteshoni yake ya Comandante Ferraz itapsa ndi moto mu 2012, nkuitsegula mu 2020. China, yomwe idayamba ndi Great Wall mu 1985, idatsegula siteshoni yachisanu ya Qinling mu Febuluwale 2024. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma alendo awa sadalumphe mpanda. Adalowera pakhomo, adalipira mtengo umene eni bwalo adaika okha, ndipo tsopano akugwiritsa ntchito malamulo omwewo amene adawapeza.

FUNSO: Ine ndidagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Theba. Mdzukulu wanga wandiwerengera palamya yake kuti chaka cha 2048 pangano loteteza Antarctica lidzatha, ndipo China ndi Russia adzayamba kukumba miyala ndi mafuta. Kodi n'zoona?
Agogo a ku Bawi, Ntcheu

YANKHO: Agogo, mdzukulu wanuyo wawerenga bwino, koma amene adalembawo ndiwo adaphonya. Pangano la 1959 lilibe tsiku lothera. Chaka cha 2048 chikuchokera m'pangano lina lowonjezera, loteteza chilengedwe, lomwe lidasainidwa ku Madrid mu 1991 nkuyamba kugwira ntchito mu 1998. Ndime yake yachisanu ndi chiwiri imaletsa ntchito iliyonse ya migodi kupatula kafukufuku wa sayansi. Chimene chidzachitike zaka 50 zikadzakwana n'chakuti dziko lililonse logamula lidzakhala ndi ufulu wopempha msonkhano woti panganolo liunikidwenso. Popanda wopempha, chiletso chidzapitirira monga chilili.

Ngakhale wopemphayo atapezeka, khomo lake ndi lothina. Kusintha kulikonse kuyenera kuvomerezedwa ndi mayiko ambiri, kuphatikizapo magawo atatu mwa anayi a mayiko 26 amene anali ogamula mu 1991, ndipo kuti kuyambe kugwira ntchito onse 26 ayenera kukuvomereza kwawo. Chiletso cha migodi sichingachoke pokhapokha patakhala lamulo lina lomanga onse lofotokoza momwe migodiyo idzayendere. Pali kampata kamodzi kamene odera nkhawa amakatchula, ndipo sakulakwa: ngati kusintha kwavomerezedwa pamsonkhano koma sikudayambe kugwira ntchito pakatha zaka zitatu, dziko lingathe kulengeza kuti likutuluka, ndipo limatulukadi pakatha zaka ziwiri.

Tisaiwale kuti amene adayandikira kwambiri kutsegula migodi si alendo atsopanowa ayi. Mu 1988 mayiko ogamula adamaliza kulemba pangano la migodi ku Wellington, ndipo lidafa mu 1989 chifukwa Australia ndi France adakana kulisaina. America ndi Britain anali kumbali ya ofuna migodi. Choncho tikamaloza chala China ndi Russia, tizikumbukira kuti njala ya miyala siidayambe ndi iwo.

Inu agogo mukudziwa kuposa ine kuti mgodi suyamba ndi chitsulo chobowolera. Umayamba ndi anthu oyeza, oyenda ndi zida zawo mwakachetechete zaka zambiri shafuti isadakumbidwe. Apa ndi pamene nkhawa yanga ili. Sitima ya ku Russia yotchedwa Akademik Alexander Karpinsky yakhala ikudutsa pa Cape Town kupita kukayeza zomwe zili pansi pa nyanja yozungulira Antarctica, ndipo mu 2023 anthu oteteza chilengedwe adachita zionetsero padokopo pokana kuti iime. Russia imati ndi sayansi. Chida choyezera miyala chifukwa cha sayansi ndi choyezera mafuta n'chimodzimodzi, ndipo panganoli lilibe apolisi kapena khoti logwira munthu pamkono. Chimene chikuteteza Antarctica lero, kuwonjezera pa malamulo, ndi mtengo: kubowola ayezi wa makilomita awiri, kumalo kumene kuzizira kudafikapo madigiri 89.2 pansi pa ziro pa siteshoni ya Vostok mu 1983, n'kodula kuposa kukumba miyala yomweyo kuno ku Africa.

FUNSO: Ndimagula usipa kunyanja nkumakagulitsa ku Dedza boma. Ndamva kuti kunyanja ya kumwera kwenikweni nakonso amatseka usodzi monga kuno. Amatseka ndani, popeza mwati kulibe boma?
Mayi wa geni ya nsomba, Mtakataka, Dedza

YANKHO: Mayi, funso lanu lagwira pamene pali bala lenileni, chifukwa mkangano wa lero ku Antarctica uli m'madzi. Kumeneko kuli tinyama totchedwa krill, tooneka ngati tinkhanu, tosaposa bonya kukula kwake. Anamgumi, mbalame za penguin ndi nsomba zambiri zimadalira timeneti, monga momwe ncheni ndi kampango zimadalira tinsomba ting'onoting'ono m'nyanja yathu. Sitima zikuluzikulu zimatikokolola kuti tikapangidwe chakudya cha nsomba zoweta komanso mafuta a m'makapisozi amene anthu olemera amamwa. Dziko lomwe limagwira tambiri ndi Norway, ndipo China yakhala ikuwonjezera sitima zake.

Woyang'anira usodziwu ndi bungwe la CCAMLR, lomwe lidakhazikitsidwa ndi pangano la ku Canberra la 1980 ndipo likulu lake lili ku Hobart. Lili ndi mamembala 27, ndipo mwa iwo a mu Africa ndi South Africa ndi Namibia. Mfundo iliyonse imadutsa pokhapokha onse avomereze. Inu mukudziwa kuti pachilumba cha Mbenji ku Salima amfumu akatseka usodzi nyengo ya dzinja, nkhani yatha, chifukwa mwini mawu ndi mmodzi ndipo asodzi amamuopa. Tsono ganizirani gombe limene lingatsekedwe pokhapokha eni makoka onse 27 anene kuti inde, kuphatikizapo uja amene wangogula kumene boti latsopano pangongole.

Nthawi zina zimatheka. Mu 2016 onse adagwirizana kuteteza masikweya kilomita 1.55 miliyoni a nyanja ya Ross kwa zaka 35. Kuchokera pamenepo, maganizo oteteza madera ena atatu, omwe ndi kum'mawa kwa Antarctica, nyanja ya Weddell ndi chigawo choyang'anana ndi South America, akhala akubwera chaka ndi chaka, ndipo China ndi Russia akhala akuwakana ponena kuti umboni wa sayansi sudakwane. Mu 2024 mamembala adalephera ngakhale kukonzanso lamulo limene linkakakamiza sitima kumwazikana m'malo mounjikana pamalo amodzi, ndipo mu 2025 mlingo wa matani 620,000 udakwana msanga kotero kuti usodziwo udatsekedwa nyengo isadathe, chinthu chomwe chinali chisadachitikepo.

Umu ndi mmene ine ndikuonera tsogolo la kumwerako. Sindikuyembekezera tsiku limene dziko lina lidzang'ambe pangano pamaso pa anzake, pakuti panganolo limapindulira aliyense amene ali m'kati. Chimene ndikuopa ndi misonkhano yochitika chaka chilichonse, nthumwi zikudya bwino, zikujambulitsa, koma osamanga mfundo, pamene makoka akugwira ntchito. Ngakhale mipando yatsopano yayamba kuvuta: dziko lomaliza kulandiridwa kukhala logamula ndi Czech Republic mu 2014, ndipo mapempho a Canada ndi Belarus akhala akukanika kudutsa pazifukwa zimene aliyense akuona kuti ndi za nkhondo ya ku Ukraine, osati za sayansi.

FUNSO: Ndimayendetsa thiraki pakati pa Lilongwe ndi Beira. Tikudikira mapepala pachipata cha Dedza, mnzanga adati posachedwapa sitima zonse zizidzera kumpoto kwa Russia, ndipo msewuwo mwini wake adzakhala China. Kodi China ili ndi malo kumeneko?
Dalaivala, Dedza boma

YANKHO: Achimwene, China ilibe ngakhale phazi limodzi la nthaka ku Arctic, chigawo cha ayezi cha kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo malire ake a kumpoto ali pamtunda wa makilomita oposa 1,400 kuchokera pamzere umene chigawochi chimayambira. Kumpoto n'kosiyana kotheratu ndi kumwera. Antarctica ndi nthaka yopanda eni yozunguliridwa ndi nyanja, pamene Arctic ndi nyanja yozunguliridwa ndi mayiko okhala ndi mbendera, asilikali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, ena mwa iwo mitundu ya Inuit ndi Saami imene yakhala kumeneko kuyambira kalekale. Mu 2008, mayiko asanu a m'mphepete mwa nyanjayi, omwe ndi America, Canada, Denmark, Norway ndi Russia, adakumana ku Ilulissat m'dziko la Greenland nkulengeza kuti pangano lofanana ndi la Antarctica silikufunika, chifukwa malamulo a nyanja a United Nations a 1982 ndi okwanira. Malamulowa amapatsa dziko ulamuliro pa chuma cha m'nyanja mpaka mtunda wa makilomita 370 kuchokera kugombe, ndiponso mopitirira pamenepo pansi pa nyanja likaonetsa umboni woti nthaka yake idapitirira. N'chifukwa chake Russia, Denmark ndi Canada onse akuti mtandadza wa mapiri a pansi pa madzi wa Lomonosov ndi wawo. Mbendera imene Russia idakaika pansi pa nyanja pa North Pole mu Ogasiti 2007 idangokometsa nkhani m'manyuzipepala, koma pamalamulo ilibe kanthu.

Bwalo lokambirana ndi Arctic Council, lomwe lidakhazikitsidwa ku Ottawa mu 1996 ndi mayiko asanu aja pamodzi ndi Finland, Iceland ndi Sweden. Chimene chimandisangalatsa pabwaloli n'chakuti mabungwe asanu ndi limodzi a eni nthaka amakhala patebulo penipeni, pamene mayiko akuluakulu a kunja amakhala kumbuyo ngati ongoonerera. China, India, Japan, South Korea, Singapore ndi Italy adalandiridwa ku Kiruna mu Meyi 2013, ndipo kuti alowe adayenera kuvomereza kaye kuti ulamuliro ndi wa eni asanu ndi atatu aja. Palibe siteshoni ya kafukufuku imene ingagule mpando wogamula kumeneko. Mu Januwale 2018 China idatulutsa chikalata chodzitcha dziko loyandikana ndi Arctic, ndipo chaka chotsatira nduna ya zakunja ya America, a Mike Pompeo, adayankha ku Rovaniemi kuti pali mayiko a Arctic ndi osakhala a Arctic basi, gulu lachitatu kulibe.

Popeza khomo la kubwalo lidathina, China idadzera khomo la ndalama. Pantchito yaikulu ya gasi ya Yamal kumpoto kwa Russia, kampani ya boma la China ya CNPC ili ndi magawo 20 pa 100 alionse ndipo thumba la ndalama la China la Silk Road Fund lili ndi magawo 9.9. Nkhondo ya ku Ukraine idakankhira Russia m'manja mwa China kwambiri. Mu Malichi 2022 mayiko asanu ndi awiri anzake a Russia adaimika ntchito za bwalo lija, Finland idalowa NATO, mgwirizano wa asilikali wa America ndi anzake, mu 2023 ndipo Sweden mu 2024, kotero kuti lero Russia, yomwe ili ndi pafupifupi theka la gombe lonse la Arctic, yatsala yokha moyang'anizana ndi mamembala a NATO asanu ndi awiri. Bwalolo silidafe, ndipo mu Meyi 2025 utsogoleri wake udapita kwa Denmark, yomwe idaika patsogolo nduna ya ku Greenland, koma likuyenda motsimphina.

Tsono za msewu wa mnzanuyo. N'zoona kuti Arctic ikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndipo njira ya kumpoto kwa Russia imafupikitsa ulendo wa pakati pa kum'mawa kwa Asia ndi kumpoto kwa Ulaya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sitima yamalonda ya ku China ya Yong Sheng idadzera kumeneko mu 2013 mpaka ku Rotterdam. Koma mwini chipata ndi Russia. Monga inu simudutsa pa Kalinyeke kapena pa Chingeni osapisa m'thumba, sitima nayo imapempha chilolezo ku Moscow, ndipo ayezi akalimba imalipira sitima zoswa ayezi zoyendera nyukiliya, zimene Russia yokha ndiyo ili nazo. America imatsutsa, imati mipata ina ya njirayi ndi ya dziko lonse. Katundu wodzera kumeneko sadafike matani 40 miliyoni mu 2023, wambiri ali gasi ndi mafuta a Russia yomweyo, pamene ngalande ya Suez imadutsitsa oposa biliyoni pachaka kukakhala bata. Katundu wathu wochokera ku Asia ndi ku Arabia alibe chifukwa chozungulira kumpoto, choncho ntchito yanu ya ku Beira ilipobe.

Ndisasiye kutchula chinthu chimodzi chimene chimaiwalika anthu akamaopsezana. Mu 2018, mayiko asanu a m'gombe aja pamodzi ndi China, Japan, South Korea, Iceland ndi European Union adasainirana zoti pasakhale usodzi wamalonda pakati penipeni pa nyanja ya Arctic kwa zaka 16 kuyambira mu 2021, nsomba zake zisadayambe n'komwe kugwidwa. Pamenepo China idakhala patebulo ngati mnzawo wofanana nawo, ndipo idasaina. Amene lero akugwedeza mtendere wa Greenland, chilumba cha anthu pafupifupi 57,000 omwe lamulo la 2009 limawapatsa ufulu wosankha okha tsogolo lawo, si mlendo wa ku Asia koma mmodzi mwa eni bwalo.

FUNSO: Anthu anga akulira ndi mtengo wa feteleza, mvula ikubwera mosadziwika bwino, inu muli kalikiliki kulemba za ayezi amene palibe wa m'mudzi muno adzamuone. Kodi nkhani zimenezi zikutikhudza pati?
Nyakwawa, kufupi ndi Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Zikomo amfumu, chidzudzulo chanu tachilandira ndi manja awiri. Tiloleni tiyankhe ndi feteleza yemweyo. Feteleza wa ureya amapangidwa kuchokera ku gasi, ndipo gasi wambiri wa Russia amachokera kumpoto kozizirako. Mkangano wa Russia ndi mayiko a azungu utakula mu 2022, mtengo wa gasi udakwera ndipo thumba la feteleza lidakwera nawo mpaka pamsika wa Tsangano. Thumbalo likamabwera limatsikira pa Beira kapena pa Nacala. Beira ndi mzinda wa m'chigwa, wongotsala pang'ono kufanana ndi madzi a m'nyanja, ndipo tidaona mu Malichi 2019 momwe namondwe wa Idai adauchitira. Ayezi wa ku Greenland atasungunuka yense nyanja ingakwere mamita 7, wa ku Antarctica mamita pafupifupi 58. Zimenezo si za m'badwo uno kapena wa zidzukulu zathu, koma doko ngati la Beira silifuna mamita ambiri kuti livutike, theka la mita ndi lokwanira kukulitsa chiwonongeko cha namondwe aliyense. Zidze pano n'zatonse.

Sindinganene kuti namondwe wa Freddy wa mu 2023 adachokera ku ayezi, chifukwa kutero kungakhale kunamiza bwalo. Chimene chili choona n'chakuti zambiri zimene dziko likudziwa za kusintha kwa nyengo zidachokera kumeneko. Asayansi adabowola ayezi pa Dome C ku Antarctica nkuwerenga mbiri ya mpweya ya zaka 800,000, ndipo kubooka kwa chophimba cha ozoni, mpweya wa kumwamba wotitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, kudadziwika mu 1985 kuchokera pa siteshoni ya Angerezi ya Halley. Nthumwi zathu zikamapita kumisonkhano ya zanyengo kukapempha chipukuta misozi, umboni umene zimanyamula ndi wotoleredwa ndi ena, m'malo olamulidwa ndi ena.

Inu amfumu mukudziwa kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Mwa mayiko 54 a mu Africa, South Africa yokha ndiyo ili m'pangano la Antarctica, monga zinalili mu 1959. Mu 1985 bungwe la mayiko a mu Africa la OAU lidagwirizana ndi Malaysia kuti Antarctica ikhale cholowa cha anthu onse, ndipo mayiko athu adalimbikira kuti boma la tsankho lichotsedwe pamisonkhanoyo, koma tsankho litatha mu 1994 nkhani yonse idazizira. India, Brazil ndi China, amene kale tinkaimba nawo nyimbo imodzi kunja kwa mpanda, lero ali m'kati ndipo amayankhula za krill wawo, masiteshoni awo ndi njira za sitima zawo. Si mlandu, dziko lililonse limapita kumsonkhano ndi thumba lake, koma tisamadzinamize kuti akutiyankhulira.

Sindikunena kuti Malawi amange siteshoni pa ayezi pamene zipatala zikusowa mankhwala. Kusaina panganoli n'kotseguka kwa dziko lililonse la United Nations, ndipo wosainayo amakhala nawo pamisonkhano ngakhale alibe mphamvu yogamula. Netherlands idalandira mpando wogamula mu 1990 ilibe siteshoni yakeyake, pogwiritsa ntchito nyumba ndi sitima za anzake. Mayiko a SADC angathe kupempha South Africa malo ochepa a asayansi awo achinyamata pa siteshoni ya SANAE IV ndi m'sitima ya S.A. Agulhas II, ija idapeza chombo chakale cha Endurance pansi pa nyanja ya Weddell mu Malichi 2022. Sitimayo imanyamuka chakumapeto kwa chaka, nthawi imene anthu anu amakhala ali m'minda ndi mvula yoyamba, ndipo imanyamukira pa Cape Town, mzinda umene ana ambiri a ku Ntcheu ndi Dedza akugwirako maganyu.